Dzimbiri M'wotchi ya Limbani

Ntchito yokonza mawotchi inandipeza chaka chimene matalala anang'amba fodya wanga yense kwathu ku Nachisaka. Ndinali nditangokwatira kumene, mkazi wanga ali woyembekezera, ndipo m'munda munangotsala mitengo ya fodya ili chiimire yopanda tsamba. Lamulungu lina titaweruka ku mapemphero, akuluampingo anandituma ku Dowa Boma ndi wotchi ya pakhoma ya m'tchalitchi mwathu, imene inali itaima. Anatuma ine chifukwa anzanga onse anali otanganidwa m'zigafa, ine ndekha ndiye ndinalibe chosoka.

Wokonza mawotchi ndinamupeza pakhonde la sitolo ina pafupi ndi msika. Anali a Kalinde, bambo wachikulire wa ndevu zaimvi, atakhala kumbuyo kwa katebulo kotchingidwa ndi magalasi. Akutsegula wotchi ya tchalitchi ija, kasikuluwu kanawapulumuka n'kugwa pansi. Anatukwana chapansipansi, n'kuyamba kupapasa ndi phazi. Ine ndinagwada, ndinakaona mumng'alu wa simenti, ndipo ndinakatola ndi nsonga ya chala.

"Maso uli nawo," anatero. "Nanga manja? Tatambasula."

Ndinatambasula. Anawayang'anitsitsa ngati akugula mbuzi.

"Sanjenjemera. Umamwa?"

"Ayi bambo, ine ndimapemphera."

"Sindinafunse zimenezo. Opempheranu ndi amene mumamwera kuseri. Dzina?"

"Fabiano."

"Ubwere Lolemba, akatekisiti."

Sindinali katekisiti, koma dzinalo linandimamatira kuyambira tsiku limenelo. Ndinabwerera kunyumba ndikuimba m'njira, ndikuti Ambuye amene anatseka khomo la kumunda atsegula lina.

A Kalinde anayamba kundiphunzitsa zida. Kagalasi kapadiso kamagwidwa ndi chikope, osati ndi dzanja, ndipo diso linalo sulitsinzina. Thwiza, kachitsulo kopanira tizinthu ting'onoting'ono, umaigwira mofewa, ukafinya kwambiri kasikuluwu kamauluka osadzapezekanso. Panali timasikuludiraiva tosiyana kukula, mpeni wokanulira zivundikiro, sipanala ya mano atatu yomasulira zivundikiro zopota, benzini wotsukira, ndi mafuta amene umatapa ndi nsonga ya singano. Panalinso kampira kopemerera fumbi. Tsiku lina anandipeza ndikuuzira m'wotchi ndi pakamwa, ndipo anandimenya pamsana ndi nyuzipepala.

"Mpweya wakowo uli ndi madzi. Ukufuna kuibatiza?"

Madzi ndiwo anali mdani wamkulu wa a Kalinde. Ankati wotchi ili ngati nyumba ya makomo atatu: galasi, chivundikiro cha kumbuyo, ndi kamutu ka pambali kosinthira nthawi. Pakhomo lililonse pali kamphira kozungulira, kowonda ngati ulusi, ndipo ndi kokhako kamene kamatsekereza madzi. Timphirato timauma ndi zaka, timalimba, timasweka. Sopo amatidya. Madzi otentha amafutukula chitsulo n'kusiya mpata. Manambala amene amalemba kumbuyo kwa wotchi, onena kuya kwa madzi kumene ingapirire, anawayesa wotchiyo ili yatsopano, makomo onse ali otseka, m'madzi ozizira osagwedezeka. Anthu akawerenga manambalawo amayesa ndi pangano losatha.

Sindinachedwe kuona kuti ndalowa ntchito imene inali kufa. Aliyense ankaona nthawi pafoni. Tinkakhala pakhonde lija kuyambira m'mawa, fumbi la maminibasi a ku Lilongwe likutithira, ndipo wobwera ankangofuna batire kapena lamba. Masiku ena dzuwa linkalowa tisanatsegule wotchi ngakhale imodzi. Mwana wathu anabadwa wodwaladwala, ndipo mkazi wanga ankangokhalira ulendo wa kuchipatala ku Mtengowanthenga. Ine ndinkapalasa njinga kubwerera kumudzi m'manja muli mbee, ndikupemphera kolona m'njira, koma mawu ake ankauma m'kamwa. Maso a a Kalinde nawo anali kuchita khungu pang'onopang'ono. Ndinazindikira kuti ananditenga chifukwa iwo sankaonanso tizitsulo tating'ono, ndipo tonse awiri sitinkaitchula nkhaniyo.

M'nyengo yozizira ya chaka chotsatira kunabwera mayi wina wachikulire wovala zakuda, fumbi lofiira lili mpaka m'mawondo. Anati dzina lawo ndi aNankhoma, achokera kumapiri a ku Ntchisi. Anakana mpando, anakhala pansi pakhondepo, n'kumasula mfundo ya pachitenje. Munali kajumbo ka shuga, m'kajumbomo munali mpango, mumpangomo munali wotchi.

"Abambo, ndabwera ndi wotchi ya mwana wanga. Batire latha."

A Kalinde anaiika padzanja. Inali yolemera, yachitsulo chowala, ya nkhope yakuda. Pankhopepo panali timawotchi titatu ting'onoting'ono, ndipo pambali, kuwonjezera pa kamutu, panali mabatani awiri. Mtundu umenewu timautcha kronogirafu: batani lina limayambitsa ndi kuimitsa muvi woyezera kutalika kwa nthawi, monga pa mpikisano wothamanga, linalo limaubwezera poyambira. Zonamizira zake tinkaziona kawirikawiri, zopepuka, timivi take tongomata. Iyi inali yeniyeni. A Kalinde anandinong'oneza kuti pa moyo wawo wonse sanagwirepo yotere, ndipo mtengo wake ukanagula nyumba.

"Mwana wanuyo anaipeza kuti, amayi?"

ANankhoma anafotokoza mosathamanga. Mwana wawo Limbani ankagwira ntchito ku Joni, yosamalira bwana wina wokalamba, ndipo bwanayo anamupatsa wotchiyo asanamwalire. Limbani atabwera kudzacheza ankaiika pakhutu pa mayi ake kuti amve kugunda kwake, kothamanga ngati mtima wa mwanapiye. Atabwerera ku Joni anadwala, n'kumwalira. Mtembo sunabwere, anzake anamuika konko. Pabasi panangobwera chikwama cha zovala, ndi wotchiyo m'thumba la jekete.

"Manda ake sindinawaone, ndipo sindidzawaona," anatero. "Chimene ndili nacho ndi ichi. Ndikungofuna izigunda, ndiziimva."

Anati inafika itaima. Zimenezo sizinatidabwitse, chifukwa wotchi yotere ilibe batire, imadzipatsa mphamvu ndi kugwedezeka kwa dzanja la woivala. Dzanja likasiya kuyenda, nayo imaima. Pamaliro, amalume ake a Limbani anamasula kamutu kaja n'kupotokola, ndipo wotchi inadzuka. Mayiwo anati usiku wonse wa maliro anaigwirizira pakhutu.

"Ndiye linafika tsiku lochapa zovala za malemu, tisanagawe," anapitiriza. "Zovala anachapa anzanga, koma iyi ndinati ayi, nditsuka ndekha. Lamba wake anali ndi thukuta la mwana wanga. Ndinafunditsa madzi, ndinathira sopo m'beseni, ndinaiviika, ndinaitsuka bwinobwino mpaka m'timabatanimu, ndikutidina kuti litsiro lituluke. Limbani anandiuza kuti iyi silowa madzi, ankasambira nayo m'nyanja ya mchere. Inayendabe masiku angapo, kenaka batire n'kutha."

Ndinatsegula pakamwa, koma a Kalinde anandiponda phazi pansi pa tebulo. Anayesa kamutu ndi chala. Kanali kosapota. Kamutu ka mawotchi amenewa kamapotedwa ngati chitsekerero cha botolo kuti kafinye kamphira kake, ndipo amalume aja, posadziwa, anangokakankhira mkati. Khomo linali lotsegula pamene wotchi inkalowa m'beseni. Mabatani nawo sadinidwa m'madzi, chifukwa kudina kulikonse kumakankhira madzi mkati. Pansi pa galasi, m'mphepete, panali kachizindikiro ka nthunzi youma.

"Mwakhala nayo nthawi yaitali bwanji chiimire?" anafunsa a Kalinde.

"Maliro anali mvula itangoyamba. Ndimadikira ndikolole mtedza kuti ndipeze yokwerera."

Dzinja lonse, itakulungidwa m'jumbo. A Kalinde anaiika patebulo.

"Isiyeni, amayi. Mubwere tsiku la msika la sabata ya mawa. Tiyesa."

Atachoka tinamasula chivundikiro ndi sipanala ya mano atatu. Fungo linatuluka ngati la khasu logonera pamvula. Kuyambira ubwana ndinkamva m'tchalitchi za chuma cha pansi pano chimene dzimbiri limadya, ndipo ndinkayesa kuti akunena anthu olemera. Tsiku limenelo ndinaliona dzimbirilo ndi diso langa, lofiira, litayala pa timagudumu, ndipo chimene linali kudya chinali chuma cha mayi wosauka wa ku Ntchisi.

"Yafa iyi," anatero a Kalinde. "Akanabwera tsiku lomwelo, tikanaitsegula, kuiumitsa, kuithira mafuta, bwenzi ili moyo. Pano ayi."

"Tiyeseko, bambo."

"Yesa iweyo. Ine ndikungoona utsi."

Mwini sitolo anandilola kugwirira m'kachipinda kake kosungira katundu, pawindo, kopanda mphepo. Ndinasonkhanitsa zitsekerero za mabotolo n'kuzindandalika patebulo, kuti chitsulo chilichonse ndikachotsa chikhale m'chitsekerero chake motsatana. Ndinachotsa mivi, nkhope, kenaka chitsulo cholemera chozungulira chimene chimapota sipuling'i dzanja likagwedezeka. Pansi pake panali tizitsulo ta mabatani aja, tosanjikizana, tokankhana, tambiri kuposa zonse zimene ndinali nditaonapo. A Kalinde ankakhala pambali panga akundifunsa chimene ndikuona, ine n'kumafotokoza, iwo n'kumandiuza chochotsa. Masikuluwu ena anali atamamatira, ndinkawadonthezera mafuta n'kudikira mpaka mawa lake. Chilichonse ndinkachiviika m'benzini, kuchipala ndi kamtengo kosongola, kuchipukuta, kuchipemerera. Mano a timagudumu tina anali atadyeka. Kagudumu kogunda, kamene kali mtima wa wotchi, kamayenda pa kansonga kowonda kuposa tsitsi, ndipo kansongako kanali ndi zipsera.

A Kalinde anaimbira foni mnzawo wa ntchito yomweyi ku Lilongwe. Yankho linali loti zitsulo za wotchi yotere kuno kulibe, zimachokera kunja, ndipo opanga ake sagulitsa kwa anthu a pakhonde ngati ife.

Sabata imeneyo ndinasala kudya. Ndinapempha mkazi wanga kuti tizipemphera limodzi za wotchiyo, ndipo iye anandiyang'ana, mwana wodwala ali kumsana, koma anagwada. Pemphero langa linali limodzi. Ndinkati, Ambuye, mwana wawo simunawabwezere, ndipo sindikufunsani chifukwa chake. Koma kanthu aka n'kakang'ono m'manja mwanu. Inu amene mumawerenga misozi ya akazi amasiye, dzutsani kachitsulo aka.

Tsiku la msika litafika ndinalawirira. Zonse ndinali nditabwezera m'malo mwake, kutsala kagudumu kogunda. Ndinakatsitsa ndi thwiza, ndinalowetsa kansonga m'dzenje lake, ndinamanga sikuluwu, ndinapotokola kamutu pang'ono. Kagudumu kananjenjemera, kenaka kanayamba kuvina.

"Bambo! Yadzuka!"

A Kalinde anabwera akupunthwa pa makatoni. Anaiika pakhutu, maso awo achifunga atatseguka.

"Akatekisiti, mwina Mulungu wakoyo alikodi."

Ndinagwada pakati pa matumba a shuga n'kuyamba kuthokoza. Ndisanafike pa ameni, ndinamva a Kalinde akuigwedeza. Anaigwedezanso. Anandipatsira. Ndinavala kagalasi. Kagudumu kanali katapendekera mbali imodzi. Kansonga kaja, kodyeka ndi dzimbiri, kanali katathyoka.

Ndinamva ngati Ambuye andionetsa chakudya n'kuchibweza. Kukanakhala bwino ikanapanda kugunda n'komwe.

A Kalinde anatsegula kabati ya tebulo lawo n'kutulutsa kainjini ka pulasitiki, ka batire, ka mawotchi otchipa.

"Mvera. Chotsa injini yakufayo, uikemo aka. Timivi tating'onoto umate ndi guluu. Mivi ikuluikulu iziyenda, pakhutu izimveka. Mayi uja azipita akusangalala."

"Tiwauza?"

"Tiwauze kuti atani? Sitikuwabera. Injini yakeyo tiikulunga tiisunge, salipira kanthu."

"Koma likhala bodza, bambo. Adzakhala akumvera chinthu chimene si cha mwana wawo."

"Nanga chimene akufuna n'chitsulo? Akufuna kugona tulo. Ndachitapo zimenezi kwa anthu ambiri, palibe anabwerako kudzalira."

"Ine sindingathe. Ndidzayankha chiyani pamaso pa Mulungu?"

"Iwe ukuopa za iwe mwini. Mayi uja sukumuganizira." Anaponya kainjini kaja patebulo. "Chabwino. Manja ndi ako, ine sindiona. Koma uwauze wekha. Ine ndikukamwa tiyi."

Ndinatseka wotchi, ndinaipukuta mpaka inawala, ndinakhala pampando wa a Kalinde. ANankhoma anafika dzuwa lili pamutu, atasenza kathumba. Anakatula pafupi ndi mapazi anga.

"Kamtedza aka mukakazingire ana. Yadzuka?"

Ndinatsika pampando n'kukhala nawo pansi.

"Amayi, tayesetsa. Yakanika. Mkati mwake mwawonongeka, ndipo zitsulo zake kuno sizipezeka."

"Si batire?"

"Ilibe batire, amayi."

Anaitenga, anaiika pakhutu, anadikira. Anaisinthira khutu lina.

"Chaipha n'chiyani?"

Ndikanatha kunena kuti yakalamba. Mawuwo anafika pamilomo, ndinawabweza.

"Dzimbiri."

Munthu wolima safuna kuuzidwa chimene chimabweretsa dzimbiri. Ndinaona nkhope yawo ikusintha pang'onopang'ono.

"Madzi?"

"Eya, amayi."

"Koma iye anati silowa."

"Sananame. Kamutu aka kakapotedwa silowadi. Kanali kosapota, ndipo inu simukanadziwa. Palibe akanadziwa kumudzi."

Sanamve zimenezo. Anaika wotchi pamiyendo, anatambasula manja awo onse awiri, n'kumawayang'ana.

"Inafika yamoyo," anatero. "Yayenda ulendo wonse uja, yafika m'nyumba mwanga yamoyo. Ndaipha ndine."

Sanalire mokweza. Misozi inkangotsika m'makwinya, anthu a kumsika akudutsa, kondakitala akuitanira za Lilongwe. Ndinatenga kainjini ka pulasitiki kaja n'kuwaonetsa. Ndinafotokoza kuti tikhoza kukaika mkati, mivi iziyenda, izimveka, ngakhale kuti kugunda kwake sikukhala komwe kuja.

Anakayang'ana, kenaka anayang'ana ine.

"Zimenezi zinali zotheka?"

"Eya."

"Mwana wanga, bwenzi utangoikamo osandiuza. Makutu angawa ndi okalamba, sindikanasiyanitsa. Tsopano ndadziwa, ndizimvera chiyani?"

Anakulunga wotchi mumpango, mpango m'jumbo, jumbo pachitenje. Ndinawapempha kuti atenge mtedza wawo popeza ntchito sinatheke. Anapukusa mutu. Ndinati tipemphere, anati, "Upemphere ndiwe, ine mawu andithera." Anadzuka pogwira chipilala cha khonde, ndipo anadutsa pamene pamaima njinga zamoto osakwera, n'kulowera njira ya kumapiri wapansi.

A Kalinde atabwera anaona kathumba ka mtedza, anaona kainjini kali patebulo.

"Wawauza?"

"Ndawauza."

"Zonse? Ndi za madzi zomwe?"

"Anafunsa."

"Basi, iwe wapita kumwamba. Iwo apita ku Ntchisi."

Anakhala pansi, ndipo tsiku limenelo sanandiyankhulenso. Mtedza uja palibe anaukhudza. Unakhala pansi pa tebulo mpaka unafumbwa.

Loweruka ndinapita kukalapa. Bambo mfumu anandimvetsera mpaka kumapeto, n'kundiuza kuti kunena zoona si tchimo, palibe choti andikhululukire. Ndinatuluka wolemedwa kuposa mmene ndinalowera. Ndikanakonda akanandipatsa chilango, chifukwa chilango chimatha. Kwa miyezi yambiri ndinkapita ku Misa ndi thupi lokha. Sindinasiye kukhulupirira, koma ndinkagwada ngati munthu wogogoda pakhomo la nyumba imene akumva kuti mwini wake alimo, koma sakutsegula.

A Kalinde anachita khungu kotheratu, ndipo ana awo anadzawatenga. Tebulo anandisiyira ine, pamodzi ndi zida zonse. Ndikadali pakhonde lomwelo, ngakhale kuti masiku ano ndimadyera kwambiri kumata magalasi a mafoni. ANankhoma sindinawaonenso. Ndinafunsapo anthu a ku Ntchisi obwera kumsika, koma mudzi wawo sindinaudziwe, ndipo aNankhoma kumeneko ndi ambiri.

Pa za ntchito, chimene ndinasunga ndi ichi. Palibe wotchi yosalowa madzi mpaka muyaya, ngakhale yodula chotani. Kamutu kapotedwe mpaka kalimbe, mabatani asadinidwe m'madzi, sopo ndi madzi otentha zikhale kutali, ndipo timphira tisinthidwe tisanaume. Ukaona nthunzi pansi pa galasi, usaiyanike padzuwa, usaikulunge m'jumbo, usadikire kukolola. Thamanga nayo tsiku lomwelo. Ndipo ine ndikatsegula wotchi yotere ndimamuuza mwini wake kuti makina oyesera ngati yatsekeka bwino ndilibe, asaiviike.

Pa zinazo ndilibe yankho. Bodza sindinayambe kunena, ndipo ndikhulupirira kuti sindidzayamba. Koma ndinasiya kuganiza kuti ndikanena zoona ndiye kuti ndamaliza ntchito ya Mulungu. Tsiku lija ndinatuluka ndi manja oyera, ndipo mtolo wonse anasenza ndi mayi amene anali atasenza kale wokwanira. M'mawa uliwonse ndisanatsegule tebulo ndimawatchula dzina pamaso pa Ambuye. Sindipempha kuti andiuze ngati ndinalakwa. Ndimangopempha kuti, kulikonse kumene ali, awagonetse tulo.